Dzungu la Amayi ndi Kugwa kwa Aminowa

Chaka chimene tinasamukira ku Girrawheen, dera lina la mumzinda wa Perth, amayi anayamba kunena kuti akubwerera ku Malawi. Sankanena mokalipa. Ankanena akupukuta mbale, ngati munthu amene akuuza anzake kuti kunja kwachita mitambo. "Ine ndizipita. Iwe ndi abambo ako mutsale ndi dziko lanu lamchengali." Abambo ankagwira ntchito kumigodi ya kumpoto, kokwera ndege, ndipo ankakhala kumeneko nthawi yaitali kuposa imene ankakhala kunyumba. Ine ndinkakhala kusukulu. Amayi ankatsala okha ndi wailesi yakanema yolankhula Chingerezi cham'mphuno chimene sankachimva bwino. Ndinkadziwa kuti tsiku lina adzapitadi, ndipo ndinkaopa.

Nyumba yathu inali ya renti, ndipo kuseri kwake kunali udzu wapulasitiki. Ndikunena zoona. M'dziko limene ukhoza kuyenda pagalimoto tsiku lathunthu osakumana ndi munthu, eninyumba anakagula udzu kusitolo n'kuuyala ngati kapeti. Mzimayi wa ku ofesi yobwereketsa nyumba ankabwera nthawi ndi nthawi kudzaona ngati sitinaung'ambe, ndipo anatichenjeza kuti tisakumbe paliponse. Amayi ankausesa udzuwo m'mawa uliwonse ndi nkhope ya munthu wosesa pamanda a mlendo.

Kuseri kwa fensi yathu kunali nkhalango yotetezedwa. Sinali nkhalango yoti n'kuopsa munthu: mitengo yaifupi yokhotakhota, zitsamba zobaya, ndi mchenga wotuwa. Koma boma linkaisamala ngati mwana wobadwa masiku asanakwane. Pachipata panali chikwangwani cha zithunzi zodulidwa ndi mzere wofiira: galu, moto, njinga yamoto, dzanja lothyola duwa. Amayi anachiyang'ana chikwangwanicho nthawi yaitali tsiku lina tikuchokera kutchalitchi.

"Khasu likuoneka pamenepa?" anandifunsa.

"Ayi, amayi, koma..."

"Ndangofunsa."

Amayi anakulira m'mphepete mwa nkhalango ya boma kwathu, choncho ankati nkhalango zotetezedwa amazidziwa. Kwa iwo, nkhalango yotetezedwa ndi imene umalowamo mwaulemu, osachita phokoso, n'kupereka moni kwa agemu, alonda ake, ukakumana nawo. Ya kunoyi inkawapweteka mtima. Nkhuni zouma gwa zinkangowola pansi. Tinyama tina tonga mbewa zikuluzikulu, ta mphuno zazitali, tinkayenda masana dzuwa likuswa mtengo, tonenepa, popanda mnyamata ndi mmodzi yemwe wotithamangitsa. Ndinawafotokozera zimene tinaphunzira kusukulu, kuti mitengo yogwayo amaisiya dala chifukwa ndi nyumba za abuluzi.

"Ndiye abuluzi a kuno ali ndi nyumba zawozawo," anatero amayi, "ife tili pa renti."

Nyengo yotentha itayandikira, kunabwera thalakitala ya khonsolo. Inadutsa pakati pa mafensi a nyumba zathu ndi nkhalango, ikutembenuza mchenga, n'kusiya kamsewu koyera. Amayi anaonerera ali pa kachipata kathu kakuseri.

"Alima," anatero.

"Sanalime, amayi. Amatero kuti moto ukabuka m'tchire usafike kunyumba."

"Pamene padutsa thalakitala n'kutembenuza dothi, kusukulu kwanuko mumati pachitika chiyani?"

Anadikira mwaulemu kuti mwini mundawo abwere kudzabzala. Sanabwere. Ndiye anagula khasu kusitolo ya zomangira, lokhala ndi mpini wautali ngati la munthu woopa kuwerama, n'kuudula pakati. Anagula manyowa a nkhosa a m'matumba. Nthangala anazichotsa m'dzungu la kusitolo, chimanga ndi nyemba anapeza kwa anzawo a kutchalitchi. Madzi otsukira zovala ankawatulutsa ndi paipi kudzera pansi pa fensi, ndipo akamaliza ankaipinda n'kuibisa m'galaja. Mchenga wa Perth umamwa madzi ngati chidakwa, koma amayi anaukakamira mpaka unagonja.

Ndipo anasiya kunena za ku Malawi. Ndinazindikira patapita nthawi, monga momwe umazindikirira kuti dzino lasiya kupweteka. Ankadzuka m'mamawa, ankaimba nyimbo za kwaya, ankandikalipira ndi mphamvu zawo zonse zakale. Ine kusukulu ndinali m'kalabu yosamala zachilengedwe, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kuti kamsewu kaja si munda. Koma ndinaika amayi mbali imodzi ya sikelo, maluwa a m'tchire mbali inayo, ndipo amayi analemera.

Munda sukhala wa munthu mmodzi nthawi yaitali. Nyumba yoyandikana nafe munkakhala anti a ku Zambia, namwino wa kunyumba yosungirako okalamba. Atasuzumira pafensi n'kuona nkhwani, anabwera kudzapempha malo. Kudzapempha kwa amayi, ngati kuti amayi ndiwo anabadwira pamenepo. Amayi anayenda ndi khasu paphewa, n'kuwalozera kuti kuyambira apa mpaka pachitsa apo ndi panu. Kenako anabwera mkazi wa wophunzira wina wa kuyunivesite, nayenso anadulidwa gawo lake. Pofika Khirisimasi, mundawo unali utatambalala kuseri kwa nyumba zingapo. Nkhwani wathu ankakwera sitima Lamlungu lililonse m'zikwama za azimayi a kutchalitchi, mpaka ku Cannington, mpaka ku Kwinana. Wotsala amayi ankafutsa n'kuyanika pa udzu wapulasitiki uja, umene tsopano unapeza ntchito. Maungu nawo, poti sadziwa kuwerenga chikwangwani, anadutsa kamsewu kaja n'kuyamba kuyanga m'nkhalango.

Sukulu itatsegulira chaka chatsopano ndinayamba phunziro la mbiri yakale. Aphunzitsi athu anali bambo wofiira ndi dzuwa, wovala kabudula ngakhale pamsonkhano wa makolo, ndipo ankakonda anthu otchedwa Aminowa ngati abale awo a kuchikazi. Aminowa ankakhala pachilumba cha Krete kalekale, Yesu asanabadwe, ngakhale Agiriki otchuka aja asanatchuke. Anamanga nyumba zachifumu za zipinda zosawerengeka. Anali ndi mapaipi adothi oyendetsa madzi, ndi mitsuko yosungira mafuta ndi tirigu yotalika ngati munthu. Ankachita malonda panyanja. Pamakoma ankajambula achinyamata akudumpha ng'ombe zamphongo, zimene zikusonyeza kuti anali okhuta, chifukwa wanjala sasewera ndi ng'ombe. Kenako zonse zinatha. Nyumba zinapsa, malonda anaima, ndipo zolemba zawo zakale mpaka lero palibe amene amatha kuziwerenga.

Chinawagwetsa n'chiyani? Aphunzitsi akafika pamenepa maso awo ankawala. Ena amati phiri la pachilumba china linaphulika, phulusa n'kukwirira minda, mafunde n'kuswa ngalawa. Ena amati zivomezi. Ena amati kunabwera ankhondo ochokera kumtunda wa Girisi. Ena amati eniakewo anadula mitengo n'kutopetsa nthaka. Anthu ophunzira akhala akukangana za zimenezi moyo wawo wonse, amalandira malipiro, ndipo sakufulumira kugwirizana. Tinauzidwa kuti aliyense asankhe chifukwa chimodzi n'kulemba nkhani yochiikira kumbuyo.

Ine ndinkakhala m'kalasimo ndikuganiza za kunyumba. Mapaipi tinali nawo. Mitsuko tinali nayo, zigubu za mfutso zodzaza m'galaja. Malonda ankafika kutali. Mfumukazi ndinkaidziwa, inkandituma kukataya zinyalala. Ndinasankha phiri lophulika, chifukwa ndinkakhulupirira kuti chinthu chachikulu chimagwetsedwa ndi chinthu chachikulu. Ndipo ku Perth kulibe phiri lotere, ndiye ndinkagona mtima uli m'malo.

Loweruka lina masana kunagogoda munthu. Anali mtsikana wovala yunifolomu yobiriwira ndi chipewa chachikulu, woyang'anira nkhalango. Amayi atamuona pawindo anangoti, "Agemu," n'kumanga bwino chitenje.

Mtsikanayo anali atauona munda, koma sankadziwa mwini wake, chifukwa unali kuseri kwa nyumba zambiri ndipo paipi inali m'galaja. Ankayenda khomo ndi khomo kufunsa. Anali atafika kale kwa anti a ku Zambia, amene kuntchito amakangana ndi madokotala m'Chingerezi mpaka madokotalawo kupepesa, koma tsiku limenelo Chingerezi chinawathawa chonse. Anangomwetulira n'kumagwedeza mutu.

Kwathu amayi sanalole kuti mlendo aime pakhomo. Anamulowetsa, anamukhazika pampando wa abambo, anamupatsa tiyi wa mkaka ndi mandasi. Ine ndinakhala pakati kuti ndizimasulira.

"Akufunsa ngati mwaonapo munthu akulima kuseriko," ndinatero.

"Uwauze kuti ife ndife alendo m'dziko muno. Za anthu sitizidziwa."

Ndinamasulira, ndikuwonjezera ulemu pang'ono. Mtsikanayo anagwedeza mutu momvetsa. Anali munthu wabwino, ndipo zimenezi zinandivutitsa kwambiri. Anafotokoza kuti sakufuna kuvutitsa aliyense, koma maungu akwirira timaluwa tina tosowa timene timamera m'malo ochepa okha. Anati manyowa amawononga zomera za m'nkhalangomo, chifukwa zinazolowera mchenga wopanda chakudya.

"Akuti chiyani?"

"Akuti zomera za kuno zimafa zikapatsidwa manyowa."

"Zomera zokana manyowa?" anatero amayi, akumwetulira mlendoyo. "Zamwano. Uwafunse ngati awonjezere shuga."

Tiyi anatha. Mtsikanayo anathokoza, ananyamula chipewa chake, anati ngati titamva chilichonse timudziwitse. Anafika pakhomo. Phazi lake limodzi linali kunja. Ndinayamba kupuma.

"Iwe," anatero amayi. "Mlendo akuchoka chonchi?"

"Amayi, ayi."

"Uwauze adikire."

"Amayi, chonde, ayi!"

"Khala chete. Ukufuna akanene kwawo kuti analowa m'nyumba ya Amalawi n'kutuluka chimanjamanja? Unaleredwa ndi ndani iwe?"

Analowa m'galaja. Anatuluka atanyamula dzungu lalikulu kuposa onse, limene ankasungira abambo, phesi lake likadali lauwisi, pansi pake pali mchenga wotuwa. Pamwamba anaikapo mtolo wa nkhwani wothyola m'mawa womwewo. Anapinda mawondo pang'ono n'kupereka ndi manja awiri, monga mmene munthu woleredwa bwino amaperekera.

Mtsikanayo anayang'ana dzungu. Anayang'ana kudzera pachitseko chagalasi, kumene udzu wathu wapulasitiki unkanyezimira padzuwa popanda ndi kadzenje komwe. Anayang'ananso dzungu.

"N'lokongola kwambiri," anatero m'Chingerezi. "Mwalilima kuti?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti tinagula. Koma Chingerezi cha amayi, chimene chinkagona akakhala kubanki, kuchipatala ndi kusukulu kwanga, chinadzuka nthawi yomweyo. Munthu anayamikira dzungu lawo, ndipo ine ndinkafuna kupereka ulemuwo kwa sitolo? Anandikankhira pambali, anamugwira mtsikanayo pamkono, n'kupita naye kuseri. Anamuonetsa mizere. Anamuonetsa pamene panali povuta kwambiri ndi mmene anapagonjetsera. Anamudandaulira za mbalame zakuda zaphokoso zimene zinkasenda chimanga, ndipo anamufunsa, poti ndi mbalame za boma, ngati boma lingachitepo kanthu.

Dzungulo mtsikanayo sanalandire. Anati malamulo a ntchito yake salola mphatso. Analijambula ndi foni, lili m'manja mwa amayi, n'kupita.

Patangopita masiku ochepa kunabwera amuna ovala magolovesi, ndipo pofika masana mundawo unali m'matumba akuda. Amayi anaonerera pawindo, atapinda manja.

Kenako anayamba akatswiri. Abambo, pafoni kuchokera kumgodi, anati vuto linali kukula kwa munda: kukanakhala kamunda kakang'ono palibe akanaona, koma azimayi mukangoyamba chinthu mumafuna chifike ku Mchinji. Anakumbutsanso aliyense za mapepala athu okhalira m'dziko muno, ndi za mzimayi wa ku ofesi ya nyumba, ndi za kuthamanga kwa magazi awo. Azimayi a kutchalitchi anati ndi nsanje, pali wina anakanena, ndipo aliyense ankamudziwa munthuyo, kungoti aliyense ankatchula wosiyana. Anti a ku Zambia, Chingerezi chawo chitabwerera, anaima pafensi manja ali m'chiuno, koma amayi anawalankhula m'chinenero cha kwawo, momwe wapolisi amatchedwa kapokola.

"Manje imwe ba neba, kapokola abwela kusakila mbuzi yosoba, imwe mumupasa mwendo wa mbuzi ati tengani mukadye na bana? Nenze namusiliza ine uja mukazi! Anayenda alibe na kanthu!"

"Ndiye mwanena nokha," anayankha amayi. "Kwanu anachoka wopanda kanthu. Musamanyadire zimenezo."

Amayi nawo anali ndi chifukwa chawo. Kwa iwo mundawo unagwa chifukwa mtsikana wa chipewa uja sanaleredwe. Wamwa tiyi wako, wadya mandasi ako, wakana mphatso yako pamaso pa mwana wako, kenako walijambula dzungu ngati wakuba. Zoti akanangosiya kupereka, amayi sankaziona ngati njira imene inalipo. Ndinayesa kuwafunsa. Anandiyang'ana ngati ndawafunsa chifukwa chake sanatuluke m'nyumba osavala.

Nkhani yanga ya kusukulu ndinaisintha. Ndinasiya phiri lophulika. Ndinalemba kuti mwina Aminowa anapirira phulusa, anapirira zivomezi, n'kudzagwa ndi kanthu kakang'ono kosasiya chizindikiro m'nthaka. Mwina kunafika alendo ovala bwino, ndipo mayi wina waulemu anawalowetsa n'kuwaonetsa mitsuko yonse, chifukwa anaiyamikira. Mwina panali mtsikana womasulira amene anaona zonse zikubwera, koma anauzidwa kuti akhale chete. Aphunzitsi analemba pansi pake ndi inki yofiira kuti ganizoli n'losangalatsa koma lilibe umboni. Anali olondola. Umboni tinali titauphika n'kudya.

Koma kunyumba kunalibe choseketsa. Amayi anasiya kuimba. Anasiya ngakhale kusesa udzu uja. Tsiku lina nditabwera kusukulu ndinawapeza atakhala pampando, wailesi yakanema ili chozima.

"Undionere ndege za ku Lilongwe pafoni yakoyo," anatero.

Ndinati batire yatha. Mawa lake ndinati netiweki ikuvuta. Ndinkadziwa kuti mabodza a mtundu umenewu sakhalitsa.

Mvula yoyamba ya nyengo yozizira itagwa, mtsikana wa chipewa anabweranso. Ulendo uno anaima pakhomo, ndipo amayi sanamukakamize kulowa, chimene kwa iwo chinali chilango choopsa, ngakhale mtsikanayo sanadziwe kuti akulangidwa. Anati akuluakulu ake agwirizana kuti pasakhale mlandu, ngati amayi angalole kumathandiza gulu la anthu ongodzipereka limene limasamala nkhalangoyo Loweruka m'mawa. Abambo, amene tinawaimbira foni nthawi yomweyo, anavomera ndisanamalize n'komwe kumasulira.

Amayi anapita ngati akupita kumaliro a munthu amene sankagwirizana naye. Ine ndinawaperekeza. Tinapeza azungu okalamba angapo, ovala zipewa, magolovesi, ndi timapilo tomanga m'mawondo, aliyense atagwira kafoloko kakang'ono ngati akukadya keke. Mtsogoleri wawo anali mayi wa imvi, wamtima wabwino, wolankhula pang'onopang'ono ndi mokweza, monga amachitira ena akaona chitenje. Anafotokoza kuti ntchito yawo ndi kuzula adani a nkhalango. Adaniwa, anatero, si a kuno. Anabwera kuchokera kunja pa sitima zapamadzi, amaswana msanga, ndipo akafika pamalo amalanda nthaka ya eni ake mpaka eniwo kusowa pokhala.

Ndinamasulira mawu onse mokhulupirika. Amayi anayang'ana mayiyo, anayang'ana anzake onse a zipewa.

"Akunena ife kapena akudzinena okha?"

"Akunena zitsamba, amayi."

"Oo."

Mayiyo anatitsogolera pamene panali munda paja kuti akationetse adaniwo. Anagwada pa timapilo take, anazula kachitsamba kamodzi, n'kukakweza m'mwamba ndi zala ziwiri ngati wagwira khoswe wakufa. Amayi anasendera pafupi. Anakatenga, anakatembenuza, anafikisa tsamba n'kununkhiza.

"Uwu si mnadzi uwu?"

Unali mnadzi. Pambali pake panali chisoso, chanthete, chobiriwira biriwiri. Chapatsogolo panali bonongwe. Zinamera thothotho m'mphepete monse mwa nkhalango, mpaka kukafika kumsewu waukulu.

"Akazula amapita nazo kuti?"

Ndinafunsa. "Akuti amakataya."

"Zonse?"

"Zonse."

Amayi anandiyang'ana ngati munthu amene wamva za ngozi. Kenako anati ndifunse ngati amapoperapo mankhwala. Mayiyo anati mbali imeneyi ayi, amazula ndi manja okha chifukwa cha timaluwa tosowa tija, ndipo n'chifukwa chake ntchito siitha. Anati ngati amayi akufuna kukataya okha matumba awo kunyumba, angathandize kwambiri, chifukwa galimoto yake ndi yaing'ono.

Amayi anakana magolovesi. Anakana timapilo. Anamanga chitenje, anawerama kuchokera m'chiuno, ndipo sanaweramuke mpaka nthawi ya tiyi. Ankazula ndi manja onse awiri, koma mwadongosolo: chisoso thumba lake, mnadzi thumba lake, zosadyedwa mulu wake. Ndinawamva akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Pa tiyi mayi wa imvi uja anagwira dzanja langa, maso ali ndi misozi, n'kunena kuti sanaonepo munthu wokonda chilengedwe ngati mayi anga. Anati akuyembekeza kuti sadzatopa, chifukwa mvula ikakhazikika zitsambazi zimachuluka kuposa pamenepa, ndipo chaka chamawa zidzameranso, ndi chaka chinacho, mwina mpaka kalekale.

Ndinawauza amayi zonsezi. Anamwa tiyi wawo, anayang'ana m'mphepete mwa nkhalango kuchokera kuno mpaka kumsewu, monga munthu woyeza ndi maso.

"Uwauze andilembe m'gulu lawoli," anatero. "Chaka chamawa ndiliko. Ndipo uwauze anzawowa asamazule zonse, azisiyako zina za mbewu."

Ndinamasulira mbali yoyamba yokha.